Tsiku Limene Tinakangana za Takondwa

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene dzina langa linasowa pa mndandanda wa anthu okalambula msewu wa ku Kandeu. Chisankho chinali chitangotha kumene, ndipo chipani chimene ndinachivinira miyezi itatu chinali chitagwa. Wolemba mayina a ogwira ntchito ya msewuyo anali mlamu wanga, a Gama, achimwene ake a mkazi wanga. Iwo chipani chawo chinali chitapambana. Ndinawapeza pakhonde la golosale atagwira kope lawo.

"Alamu, dzina langa lili pati?"

"Mayina achuluka, alamu. Mudikire ulendo wina."

"Achuluka, kapena ndinavala malaya olakwika?"

Anangotseka kope n'kuyang'ana kumbali. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa, ndipo ndisanakhale n'komwe pansi ndinauza mkazi wanga, Nagama, kuti m'dziko muno mulibe malo anga. Iye ankasankha mbewu ya kachewere pamkeka. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ngati mukupita kukafuna ntchito, pitani. Koma ngati mukupita kuti achimwene amve kuwawa, dziwani kuti womva kuwawa ndikhala ine."

Ndinapitabe. Tinagulitsa kachewere yense wa chaka chimenecho ndi mbuzi ziwiri, ndinapangitsa pasipoti, ndipo ndinakwera basi. Mwana wathu wamkazi, Takondwa, anali mu Sitandade 2, mano akutsogolo atangoguluka. A Gama sindinawatsanzike.

Ku Joni ndinafikira kwa Yusufu, mwamuna wa ku Mangochi amene ndinapatsidwa nambala yake ndili m'basi. Ankakhala m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo anandipatsa theka la kachipindako osandifunsa zambiri. Ndiye anandilowetsanso ntchito pamalo pamene ankawotcherera mageti ndi mazenera achitsulo. Ndinali ndisanagwirepo makina owotcherera. Miyezi yoyamba maso ankatuluka misozi ngati ndathiridwa mchenga, koma ndinaphunzira, ndipo patapita zaka zitatu geti lovuta likabwera abwana ankaitana ine.

Lamulungu masana Amalawi a m'dera limenelo tinkasonkhana pabwalo la kuseri kwa nyumbayo, ena atakhala pa mabokosi, ena pa njerwa. Nkhani inali imodzi yokha, ndale za kumudzi. Tinkakangana ngati kuti aphungu akutimvera pazenera. Yusufu anali wa chipani china, chachitatu, ndipo ankandiseka kuti chipani changa chimangodziwa kuvina. Ine ndinkamubwezera kuti chake sichidziwika kupitirira mlatho wa kwawo. Tinkafika pokwezerana mawu mpaka mayi mwini nyumba kutulukira, koma ikakwana nthawi yophika, mphika unali umodzi. Panthawiyo sindinaone chachilendo chilichonse pamenepo. Ndinkatha kudya ndi Yusufu nditakangana naye, koma mlamu wanga akapereka moni kudzera kwa mlongo wake ndinkati foni sikumveka.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, poyamba kudzera mwa madalaivala a basi, pambuyo pake pafoni. Nagama anafolera nyumba ndi malata, anagula feteleza, analipira zofunika za kusukulu. Miyezi ina ndinkatumiza zochepa ndipo ndinkanama kuti ntchito yachepa, pomwe zoona zake zinali zakuti ndagula nsapato ndi jekete kuti nanenso ndioneke ngati munthu. Amayi anga anamwalira chaka changa chachinayi. Masiku a pasipoti yanga anali atatha kalekale, moti ndikanatuluka sindikanalowanso. Maliro ndinawamvera pafoni nditakhala pa ndowa kuseri kwa malo antchito, nyimbo za akwaya zikuduka n'kubwereranso. Belu la kuntchito litalira ndinapukuta kumaso n'kubwerera pa geti limene ndinalisiya.

Chaka chachisanu ndi chimodzi kunabwera bambo wina wa komweko kudzayamba ntchito. Abwana anamupereka kwa ine kuti ndimuphunzitse. Anali munthu wabwinobwino, sindingamunamizire. Ndinamuonetsa kuyeza, kudula, ndi kugwira chitsulo kuti chisapindike ndi moto. Chaka chisanathe anamuika ukapitawo, n'kukhala wondiuza ine zochita. Ndinalimba mtima ndinapita kukafunsa abwana.

"Iwe ntchito umaidziwa, palibe akukana," anatero. "Koma kasitomala akafuna kapitawo safuna kumva lilime lachilendo. Ndiye mapepala ako ali kuti?"

Malipiro athu alendo anali otsika ngakhale geti linali lomwelo. Akuluakulu a boma akamabwera kudzayendera malowo, ife ankatiuza kuti tikabisale kuseri kwa mulu wa zitsulo zakale mpaka galimoto yawo itachoka. Ndinkakhala pamenepo, bambo wa zaka makumi anayi, nditanyonyomala ngati ndaba nkhuku. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti nkhani yanga inkagamulidwa ndisanatsegule pakamwa.

Uthenga wa Takondwa unandipeza chaka chachisanu ndi chitatu. Apa n'kuti ali Fomu 2 pa sekondale yoyendera ya kwathu, ndipo ankakhoza bwino masamu. Nagama anatumiza mawu ojambula pafoni, akulankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kuti foni isweka. Mwana anali ndi pakati, ndipo kusukulu anali atamuimitsa. Sindinadikire kuti mtima ukhale pansi. Ndinajambula mawu anga nthawi yomweyo: kuti ine ndikupsa maso kuno chifukwa cha iye, kuti wandivula pagulu, kuti za sukulu aiwale, akalime. Ndinamva pambuyo pake kuti Takondwa anali pomwepo mayi ake akutsegula uthengawo.

Mwana anabadwa wamwamuna, anamutcha Yamikani. Chithunzi chake ndinachiona koma sindinayankhe.

Chimene chinandibweza kumudzi si chifundo ayi. Kachitsulo kanandilowa m'diso lakumanzere ndikudula paipi, ndipo ndinakhala milungu iwiri ndili ndi bandeji. Nditabwerera ndinapeza pamalo panga pali munthu wina. Kapitawo uja atathyoka chala chaka cham'mbuyo anamudikira miyezi iwiri, malipiro akulandira. Ine anandiuza kuti ntchito siyingadikire. Yusufu anavula magolovesi n'kulowa nane mu ofesi, ngakhale ankadziwa kuti nayenso angathe kuchotsedwa. Analankhula mpaka abwana anandipatsa malipiro a mwezi wonse ndi makina akale owotcherera amene ankangokhala pakona. Pondiperekeza ku basi anati, "Ukafika ukavotere chipani chako chovinacho, koma mwana ukamuone kaye."

Ndinafika kwathu mwezi wa Epulo, chimanga chitayamba kuuma m'minda ndipo kuzizira kwa kumapiri kutayamba kale. Nyumba ya malata ndinaiona koyamba ndi maso anga. Takondwa anagwada patali, pafupi ndi khola, mwana ali kumsana, ndipo anapereka moni akuyang'ana pansi. Anali wamtali kuposa mayi ake. Ndinangoti, "Mwakula."

Nagama nayenso sanali yemwe ndinamusiya. Anali m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu, ndipo anthu ankabwera pakhomo kudzafuna iye, osati ine. Tsiku lachitatu anandiuza kuti analemba kalata yoti Takondwa abwerere ku Fomu 2. Lamulo linkalola, koma makolo ena anaopseza kuti akabwerera achotsa ana awo aakazi. Ahedi, pofuna kuti nkhaniyo isaphulikire iwo okha, anaitanitsa msonkhano wa makolo Lachisanu.

"Ine sindipita," ndinatero. "Anthu akandiseke?"

"Mupita, bambo a Takondwa. Mukakhale chete ngati mukufuna, koma akakuoneni kuti mwanayu ali ndi bambo."

Msonkhano unachitikira m'kalasi, akuluakulu titapanikizana m'madesiki a ana, ena ataima m'mazenera. Wapampando wa komiti ya makolo anali a Zingani, mnzanga wakale wa m'chipani, amene tinkakwera naye lole imodzi popita kumisonkhano. Anandikumbatira pakhomo n'kundinong'oneza kuti chisankho chikubwerachi ndi chathu. A Gama anakhala kumbuyo, imvi zitayamba, ndipo tinangogwedezerana mitu.

Ahedi atafotokoza lamulo, a Zingani anaimirira. "Lamulo analemba ku Lilongwe, koma ana ndi athu," anatero. "Sukulu si sikelo ya makanda. Tikamulola uyu, mawa atsikana onse aona kuti palibe choopsa. Sitikumuda mwanayu, koma tikuteteza enawa." Anthu ambiri anaomba m'manja. Mayi wina anawonjezera kuti mwana wake wamkazi sangakhale desiki imodzi ndi ntchembere.

Nagama anaimirira osadikira kulozedwa. "Mnyamata amene anapereka mimbayi ali kuti?" anafunsa. "Makolo ake anamusamutsira ku Dedza, ndipo chaka chino akulemba mayeso. Kumeneko palibe amene anaitanitsa msonkhano. Kodi iyeyo saphunzitsa anzake zoipa? Kapena chifukwa choti iye sabereka kumsana?" Kunamveka phokoso, ena akuseka, ena akung'ung'udza kuti mayiyu walowa ndale.

Kenako a Gama anakweza dzanja. Analankhula motsitsa, moti anthu anachita kuletsana kuti amve. "Ine ndinachotsapo munthu pa mndandanda wa ntchito chifukwa cha chipani chake. Nanenso ndinkati ndikuteteza anthu athu. Munthuyo anachoka, ndipo mlongo wanga walima yekha zaka zisanu ndi zinayi. Msewu umene tinalambulawo mvula inaukokolola chaka chomwecho. A Zingani, kuchotsa dzina kumatenga kanthawi kochepa, koma mudzakhala nazo nthawi yaitali."

Sanandiyang'ane, koma kalasi yonse inatembenukira kwa ine. Ndinapeza kuti ndaimirira, mawondo atagunda desiki. Sindine wodziwa kulankhula pagulu, ndipo zambiri zimene ndinanena sindizikumbuka. Ndikudziwa kuti ndinawauza za mulu wa zitsulo umene ndinkabisalako, ndi za diso langali. Ndinawauza kuti ndikudziwa mmene zimakhalira anthu akamakambirana za iwe ngati vuto loti lichotsedwe, iwe uli pomwepo. Ndiponso ndinavomera pamaso pawo kuti woyamba kutsekera Takondwa chitseko cha sukulu ndinali ine bambo ake, ndili kutali, ndisanamve n'komwe mbali yake. "Mwanayu analakwa, ndipo wazimva," ndinatero. "Khanda tilera ife. Iye mupatseni desiki."

A Zingani anandiyang'ana ngati ndagulitsa chipani. Mkangano unapitirira mpaka dzuwa kupendeka. Bambo wina anafunsa ngati adzavale yunifolomu kapena chitenje, ndipo mphunzitsi wa masamu anayankha kuti iye amachonga kope, sachonga chovala. Pomaliza ahedi anati ngakhale lamulo silifuna mavoti, akufuna aone manja. Ovomera sanali onse, koma anali ambiri. Mwa amene anaopseza kuchotsa ana awo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anachitadi zimenezo.

Takondwa anayamba teremu yotsatira. Masiku oyamba ankabwera maso atafiira chifukwa cha mayina amene anzake ankamutchula, ndipo kamodzi anakhala masiku awiri osapita. Tsiku lachitatu ndinamuperekeza ndekha mpaka pageti la sukulu. M'njira ndinamupepesa, ndipo iye anangoti, "Ndamva, bambo." Kuyambira pamenepo anayamba kundionetsa makope ake.

Ine ndinatsegula kashedi kowotcherera pa Kandeu, pamene pali magetsi. Ndimakonza makasu, mawilibala, ngolo ndi mafelemu a zitseko. Ndalama zake sizifika za ku Joni, koma kasitomala akafuna mwini ntchito amalankhula ndi ine. A Gama amabwera masiku a msika, ndipo za ndale sitigwirizanabe ngakhale pang'ono. Ndili kunja ndinkaganiza kuti kwathu anthu anangoima pamene ndinawasiya, aliyense atakumbatira chipani chake. Ndinapeza kuti zaka zonsezo iwo ankakangana m'kalasi muja, za chimbudzi cha atsikana, za phala la ana, za aphunzitsi ojomba, ndipo anaphunzira kutsutsana Lachisanu n'kukakumana kumunda Loweruka. Wotsalira ndinali ine.

Patatha chaka, m'mawa wina a Zingani anafika pashedi akukankha njinga yothyoka chonyamulira. Kuyambira tsiku la msonkhano ankangondipatsa moni wapatali. Ndinawotcherera njingayo iwo ataima pambali, ndipo nditamaliza sanachoke. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anasendera pafupi.

"Kalata ija mayi a kunyumba kwanu analembera ahedi," anatero, "anailemba bwanji?"

Ndinazimitsa makina. Anandiuza kuti mdzukulu wawo wa Fomu 1 anabereka mwezi watha, ndipo mtsikanayo sakudya, akungolirira sukulu.

"Pitani kunyumba, Nagama alipo," ndinatero. "Koma ngati mukufuna wodziwa bwino za kubwererako, dikirani Takondwa aweruke. Amafika cha m'ma thuu koloko."

Anakwera njinga yawo n'kulowera njira ya kwathu.