Tsiku Limene Khadi la Abiti Jafali Linakana

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa Mayi Nkhoma, namwino wamkulu pa kachipatala kena kolipira m'tauni ya Balaka, amene timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Atamva kuti koleji yatsekera ndipo ndikungokhala pakhomo, anandiuza kuti wolandira odwala wawo wapita ku tchuthi cha uchembere, choncho pakufunika wogwirizira.

Malo anga anali pawindo loyang'anizana ndi benchi ya odwala. Munthu wa inshuwalansi ya zaumoyo akafika, ndinkalandira khadi lake, kumuikitsa chala pa kamakina kowerenga zidindo za zala, kenaka kulemba pa kompyuta chimene wabwerera. Makhadi ambiri amene tinkalandira ankalipira munthu akadwala. Wobwera ali bwinobwino kudzangoyezetsa shuga, kuthamanga kwa magazi kapena impso, ankalipira yekha, ndipo ambiri sankadziwa zimenezi. Tsiku loyamba lomwelo Mayi Nkhoma anandilangiza kuti: "Munthu azidziwa mtengo singano isanamulowe, osati magazi ali kale m'kabotolo."

M'mawa wina kunafika mayi wachikulire wolima thonje ku Ngokwe, Abiti Jafali. Khadi analimanga pangodya ya mpango. Mwana wawo, mphunzitsi wa kutali, ndiye anawalembetsa pa inshuwalansi yake, nawauza pafoni kuti akayezetse thupi lonse asanadye kanthu. Anadzuka mbandakucha, m'mimba muli madzi okha.

Ndinawafunsa, monga mwa masiku onse, ngati pali pamene pakuwawa. Anayang'ana pabenchi, pamene panakhala amuna angapo, kenaka anayang'ana pansi.

"Iyayi mwanangu, ndili bwino, Mulungu wandisunga. Ndangotumidwa."

Ndinalemba zomwezo, ndipo khadi linakana. Ndinawafotokozera mofatsa kuti kuyezetsa kotere amalipira yekha munthu, koma iwo anali ndi ndalama yokwerera minibasi pobwerera basi. Nditapempha kuti tiimbire mwana wawo, anakana. Anati mwanayo anauza abale onse kuti amayi ake tsopano azilandiridwa kuchipatala ngati mabwana, ndipo iwo sangamuchititse manyazi. Akangomuuza kuti adokotala sanapeze vuto lililonse. Anamanganso khadi pampango paja, nathokoza, nanyamuka. Ndinadziwa kuti munthu wochokera ku Ngokwe akabwerera chotere, sadzabweranso.

Ndinathamangira kwa Mayi Nkhoma n'kuwafunsa ngati sitingalembe kuti mutu ukuwawawa.

"Bodza sitilemba pano," anatero. "Koma mwawafunsira pati?"

Ndinati pawindo.

"Inu mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo, amuna atatchera khutu pabenchi. Mumati ayankha chiyani?"

Anatuluka okha nakawapeza pageti, akudzazanso botolo lawo la madzi akumwa pampopi. Anawapatsa moni m'Chiyao, nawagwira dzanja ngati mnzawo wakale, nalowa nawo m'chipinda choyezera n'kutseka chitseko. Ine ndinapitiriza kulandira ena, maso ali pachitseko chija.

Atatuluka, Mayi Nkhoma anandiuza chapansipansi zoti ndilembe. Kwa miyezi ingapo Abiti Jafali ankamva ludzu losatha, ankataya madzi pafupipafupi, ndipo pamene atayapo pankasonkhana nyerere. Zinthu zimenezi mayi wamkulu sangazitchule pamaso pa amuna. Ngakhale mwana wawo sanamuuze. Popeza tsopano panali matenda enieni, khadi linavomera kulipira kuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Za impso linakanabe, choncho anagwirizana kuti akayezetse kuchipatala cha boma. Anawabaya kunsonga kwa chala, kadontho ka magazi n'kukaika pa kamakina, ndipo shuga anapezeka wokwera kwambiri. Adokotala anawayambitsa mankhwala tsiku lomwelo.

Mayi Nkhoma anawagawira tiyi wawo wopanda shuga, ndipo Abiti Jafali anaseka n'kunena kuti chilango chayambira pomwepo. Pochoka anadutsanso pawindo langa, mankhwala ali m'manja.

"Ndikamuuza mwana wanga kuti khadi lake lagwira ntchito," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo tinaika mpando kuseri kwa nsalu yotchinga, ndipo funso la chimene munthu wabwerera linachoka pawindo. Ine ndinkangotenga khadi ndi chala, ndi kunena mtengo nthawi ikadalipo. Tchuthi chitatha ndinabwerera ku koleji, ndipo sindinawaonenso mayi aja, ngakhale Mayi Nkhoma amandiuza kutchalitchi kuti amabwerabe kudzatenga mankhwala. Mpaka lero, munthu wamkulu akandiyankha kuti ali bwino, ndimayamba ndayang'ana amene akutimva.