Nyimbo za a Kuramochi

A Kuramochi Tsuneo ndinadziwana nawo chifukwa cha makompyuta awo akale. Ine ndimakonza mawailesi kuno ku Toyama, ndiye makina awo akafa ankawamangirira panjinga n'kubwera nawo kwa ine. Anali munthu wamfupi, wadazi, wosakwatira, ndipo ankakhala ndi mlongo wawo, a Michiyo, m'nyumba imene makolo anawasiyira. Zaka makumi atatu anazithera pafakitale yopanga mabokosi a mankhwala, ndipo phokoso la kumeneko ndilo linawawononga makutu.

Asanalowe kufakitale, akadali mnyamata, anagwirapo ntchito ku Osaka pa kakampani ka anthu asanu kopanga magemu a pakompyuta. Iwo ndiwo ankapeka nyimbo. Gemu imodzi yokha ndiyo inatuluka, ya msodzi wofunafuna mkazi wake pansi pa nyanja, ndipo makope ake sanakwane mazana anayi. Chaka chisanathe kampaniyo inagwa. Kope lawo anabwereka mnzawo, mnzawoyo n'kusamuka nalo osatsanzika.

Atapuma pantchito anayamba kuisaka gemuyo pa okushoni ya pa intaneti. Sinkapezeka. Podikirapo ankagula magemu ena a zaka zomwezo, mpaka chipinda cha malemu mayi awo chinadzaza kufika kudenga.

"Achimwene, anzanu akulera zidzukulu, inu mukulera mabokosi," a Michiyo ankatero. "Zofundazi ndiziyanika pati?"

"Yanika pamutu pangapa, mpoyera kale."

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, gemu ija inaoneka, ili m'bokosi lake, pulasitiki yosang'amba. Nthawiyo n'kuti dokotala atawauza kuti khutu lakumanzere latha, lakumanja likutsatira, ndipo mawu ang'onoang'ono okwera ndiwo ayambe kutayika. Okushoniyo inkatsekedwa Lamlungu masana. Anabwera kwa ine kuti ndiziwadindira mabatani. Tinalimbana ndi anthu atatu. Kutatsala mphindi imodzi, wachinayi amene anali chete nthawi yonseyo anaponya mtengo wowirikiza kawiri.

"Tiwonjezere?" ndinafunsa.

"Tiwonjezera chiyani, a Nozaki? Nyumbayi theka ndi ya Michiyo."

Analembera wogulitsa gemuyo kuti apereke uthenga kwa wogulayo: iwo ndiwo anapeka nyimbo za m'gemumo, ndipo akungopempha kuti awajambulireko, amveko makutu asanatsekeke. Yankho linabwera patatha mlungu. Wogulayo anati pepani kwambiri, pulasitiki ikang'ambidwa mtengo umagwa ndi theka. Koma ngati alidi opeka nyimbozo, kodi sangamusainire kapepala koti aike pambali pa bokosilo?

Ine ndinati amutukwane. Iwo anakagula pepala labwino, nasaina, natumiza.

Panapita zaka zina ziwiri. Kenaka wina wa ku Kochi, pochotsa katundu wa malemu bambo ake, anaika pa okushoni disiki ya gemu ija yokhayokha, yopanda bokosi, n'kulemba kuti sakudziwa ngati ikugwira. Palibe wina anaifuna, ndiye tinaigula. Itafika tinapeza kuti yachita chuku mkati monse. Ndinaipukuta masiku awiri ndi thonje ndi sipiliti, pang'onopang'ono, ndipo ndinawachenjeza a Kuramochi kuti mwina ingazungulire kamodzi kokha.

Anabwera atavala jekete. Ndinalowetsa disiki ija, makina n'kuyamba kukukuta. Bwato linaoneka pagalasi, ndipo nyimbo inayamba. Ndinene zoona, inali yokoma, yoyenda mwachifatse ngati munthu wotopa akubwerera kwawo.

A Kuramochi anagunditsa khutu lakumanja pa sipika.

"Yayamba?"

"Yayamba kale."

"Kwezani."

Ndinakweza mpaka pothera, moti mayi wogulitsa tofu, chakudya cha soya, pafupi nane anasuzumira pakhomo. A Kuramochi anatsinzina, chipumi chili makwinya.

"Ndikumva ng'oma yokha," anatero. "Ng'omayotu sindinaike ndine. Anaika ndi abwana ku Osaka kuja, ine ndikukana."

Bwato lisanafike pakati pa galasi, disiki inalira kwiii n'kuima. Nditaitulutsa ndinaona kuti yapalika mzere woyera kuzungulira. Sinawerengekenso. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti foni inali m'thumba mwanga, koma maganizo onse anali pa kukweza mawu, ndipo sindinajambule.

"Ndiyimbireni inuyo, pafupi ndi khutuli."

Ine kuyimba sinditha. Ndinayesa, mokuwa. Anapukusa mutu.

"Sikuyenda choncho."

"Nanga ikuyenda bwanji?"

Anatsegula pakamwa, nayamba, nalekeza. Anayambanso, nalekezanso pomwepo. Kenaka anandithokoza mwaulemu, n'kukankha njinga yawo osaikwera.

Kuchokera tsiku limenelo sanatsegulenso okushoni. M'nyengo yozizira yotsatira anaterereka akuchotsa chipale chofewa pakhomo, n'kuthyoka chiuno, ndipo pochoka kuchipatala anawapititsa kunyumba yosungira okalamba. A Michiyo, nawonso msana utawavuta, anaitana anthu ochotsa katundu m'nyumba. Chinyezi chinali chitadya mabokosi ambiri, ndiye anthuwo anangosankhapo ochepa, otsalawo n'kupita kotenthera zinyalala.

Ndimapita kukawaona a Kuramochi mwezi ndi mwezi. Tsopano samva chilichonse, ndimachita kuwalembera pakabolodi. Za magemu safunsa, ndipo ine sindiyambitsa. Ulendo wathawu anandifunsa ngati basi ya folo koloko ikadayendabe. Ndinalemba kuti inde.

"Ndiye nyamukani, a Nozaki, ingakusiyeni," anatero, n'kutembenukira kukhoma.