Kamalo ka pafupi ndi mpanda ku Chelstone

Titasamukira ku Chelstone, ine ndi mwana wanga wamkazi tinachita lendi kanyumba ka kuseri kwa mayi ena achikulire, amasiye, a mpingo wa Reformed. Pafupi ndi mpanda panali kamalo pamene sipankamera ngakhale udzu. Ndinafesapo repu, anamera, n'kuchita chikasu, n'kufa. Chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu zija, nachonso chimodzimodzi.

Tsiku lina ndinatapa dothi la pamenepo n'kupita nalo ku sitolo ya mbewu m'tauni. Analisungunula m'madzi, n'kuviikamo kapepala, kapepalako n'kufiira. Anati dothilo lili ndi asidi wambiri, ndithiremo laimu, ndigaule bwino, ndidikire mvula.

Ndili mkati mowaza laimuyo, eni nyumba aja anabwera n'kuima kumbuyo kwanga.

"Muchita chani apo, amake mwana?"

"Nikonza dothi, amama. Akuti ili na asidi."

Anakhala pa njerwa. Kenako anandiuza za mwana wawo wotsiriza, mnyamata wofatsa amene anamaliza sukulu koma ntchito osaipeza. Iyeyo ndi amene ankalima pamenepo. Dothilo ankalisamala ngati khanda, kulifumbata, kulinunkhiza, mwina mpaka kulilawa. Mayi ake ankanyadira, kuyesa ndi ndiwo zamasamba, mpaka mnzawo wa ku chigwirizano cha amayi a mpingo atawanong'oneza kuti zimene zabisika kuseri kwa chimanga ndi chamba.

"Ninamuuza kuti azule. Anatenga mabatile akale a motoka ya atate ake, anakhutulila asidi yonse apo, ine nili kuona. Ananyamula chola, anayenda."

Kuchokera tsikulo sanamuonenso. Ena ankati amuona ku msika wa Kabwata, ena ku Chunga. Mayiwo anafufuza mpaka m'nyumba zosungira mitembo.

Mvula itagwa, repu wanga anamera wobiriwira bwino. Koma pakati pake panatuluka kambewu kena, masamba ake otambasuka ngati zala. Sindinafune wondiuza kuti n'chiyani. Chinali chamba, ndipo anthu amamangidwa ndi zimenezi. Ndinakawaitana mayi aja kuti ndizule iwo akuona.

Anagwada movutikira, n'kusisita tsamba limodzi ndi chala.

"Lekani kaye," anatero.

Ndinaleka, koma mtendere unandithawa. Munthu akagogoda pa geti, ndinkayesa ndi apolisi. Ndikamachapa, ndinkamva ngati wina waima pa mpanda akundiyang'ana, ndikacheuka palibe. Mwana wanga ndinamuletsa kusewera mbali imeneyo osamuuza chifukwa. Mayiwo m'mawa uliwonse ankapita kukaima pamenepo, manja kumbuyo.

Lamlungu lina tonse tinapita kutchalitchi, geti titakhoma. Pobwera ndinapeza kambewu kaja kulibe. Sikanachite kuzulidwa ayi. Panali kadzenje kokumbidwa mosamala, dothi la mizu litatengedwa pamodzi, ndipo repu wanga yense anali wothiriridwa, madzi asanaume.

"Amama, ndimwe mwachotsa?"

Anapukusa mutu. Anali akadali mu yunifolomu ya chigwirizano, Baibulo m'khwapa. Anayang'ana kadzenjeko, n'kuyang'ana mpanda, n'kutchula dzina la mwana wawo uja chapansipansi.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kukhoma geti. Ndinawadandaulira za akuba, koma sanamve. Chaka chotsatira ndinapeza nyumba ku Woodlands. Pamene tinkakweza katundu m'galimoto, iwo anali pampando pa khonde, maso ali ku msewu, ndipo nditawatsanzika anandiyankha osandiyang'ana.