Anamalungo pa foni ya a Mateyu

Lachiwiri lapitali ndinapita kusikelo ndi mwana wanga wamng'ono. Tili pamzere, chiperoni chikutilasa m'miyendo, a Mateyu, a zaumoyo a dera lathu, anandikodola.

"Make Takondwa, tabwerani. Munthu uyu mukumudziwa?"

Ine munthu akandiitana pagulu ndimayamba ndafufuza chomwe ndalakwa. Ndinapita nditabisa nkhope kuseri kwa mutu wa mwana. Pa foni yawo panali chithunzi cha mayi wovala mandala, imvi zitayamba m'mbali mwa mutu. Koma mpata wa mano uja sunasinthe.

"Awa ndi Anamalungo," ndinatero, manyazi nditawaiwala.

Dzinali tinawapatsa ndife. Anali dokotala wofufuza za malungo mwa amayi oyembekezera, ndipo ankabwera kwathu kuno, cha ku Nkando, chaka chomwe ndinali ndi pathupi poyamba. Poti chilichonse chotuluka pakamwa pawo chinali malungo, amayi tinati mfunda wawo ukhale umenewo. Atamva anaseka mpaka kupukuta misozi.

Pansi pa chithunzicho panali mizere ya Chingerezi. A Mateyu ankaikankha ndi chala, ikubwerabe ina.

"Zonsezi ndi zomwe analemba. Mzere uliwonse ndi nkhani imodzi ya kafukufuku. Nanga manambala ali m'mbaliwa mukuwaona?"

"Ndi anthu amene anawachiritsa?"

"Ayi. Ndi maulendo amene anthu ena awatchula."

Ndinachita mantha. Kwathu kuno munthu akamatchulidwatchulidwa ndiye kuti pali nkhani.

"Analakwanji, abambo?"

A Mateyu anaseka, amayi a pamzere onse n'kutembenuka. Kenako anandifotokozera mwapang'onopang'ono. Akuti dokotala wina, kaya ali ku Blantyre kaya kutsidya kwa nyanja, akamalemba zake koma nzeru ina waitenga kwa Anamalungo, saloledwa kukhala chete. Amayenera kulemba kuti ichi ndachitenga kwa uje. Ndiye pali makina amene amawerenga maulendo onsewo. Nambala ikakula, anthu amadziwa kuti ntchito ya munthuyo ena akuidalira.

"Sikelo yawo ndi imeneyo," anatero a Mateyu. "Ife timapachika ana, iwo amapachika mayina."

"Ndiye kuti enawo amakapala moto kwa Anamalungo," ndinatero.

A Mateyu anati, "Mukanapitiriza sukulu inu, make Takondwa."

Inu owerenga, mukukumbukira kupala moto? Tili ana, machesi akatha, amayi ankatituma ndi phale kunyumba yoyandikana nayo. Pobwera ankafunsa kuti wapala kwa yani. Sikuti ankafuna kukabweza. Moto subwezedwa. Ankangofuna kudziwa kuti tsiku limenelo tadya chifukwa cha nyumba iti. Mbewu ya nandolo nayonso inkayenda ndi dzina la mwini wake. Unkamva munthu akuti uyu ndi nandolo wa anaPhiri a kumtunda, ngakhale patapita zaka zambiri chiperekereni.

Lero timatchula anthu pa zinthu ziwiri: pa miseche ndi pa maliro. Wotichitira zabwino timadikira kuti agone m'bokosi kuti timuyamike. Sindinkadziwa kuti anthu ophunzira anasunga mwambo womwe ife eni ake tikuutaya.

Koma a Mateyu sanandiitanire chithunzi chokha.

"Loweruka kuli msonkhano pabwalo la sukulu. Kukubwera ofufuza ena, ophunzira a mayi omwewa. Mwamva zomwe anthu akunong'ona. Inu munalowa nawo kafukufuku uja. Mukalankhuleko."

Ine amene ngakhale kutchalitchi ndimakhala kuseri kwa nsanamira?

Zonong'onazo ndinali nditazimva, ndipo osati kutali. Mng'ono wanga Enelesi ali ndi pathupi poyamba, miyezi isanu. Chimvereni kuti kukubwera anthu otenga magazi, anasiya ngakhale sikelo ya amayi oyembekezera. Miyezi iwiri osapita. Ndikamufunsa amangoti, "Achemwali, anamapopa salemba pamphumi." Maso ake ayamba kuyera mkati, ndipo kuyera kumeneko ndimakudziwa. Ndinali nako.

Pobwerera kunyumba ndinkangoona Anamalungo m'maso.

Galimoto yawo inkafika ili yofiira ndi fumbi. Ankatsika n'kumanga chitenje pamwamba pa buluku, mfundo yake yosagwira, moti tsiku lina chinagwa pakati pa bwalo ndipo amayi achikulire anawaphunzitsa kumanga ngati mwana wa chinamwali. Mpando ankaukana. Ankakhala pamkeka, miyendo atatambasula ngati ife. Ankayesa kutipatsa moni m'Chilomwe, lilime likuwapota, ife n'kumaseka m'zitenje. Kalongonda, nyemba zathu zija, ankamuopa poyamba, atamva kuti akapanda kupsa bwino amaledzeretsa. Mapeto ake ankafika n'kufunsa ngati kuli wina waphika.

Tsiku lolemba mayina anatiwerengera pepala lonse m'Chichewa, osadumpha mzere. Atafika pa ine anaona kuti ndikungoyang'ana pansi.

"Achemwali, mwamva zonse?"

Ndinagwedeza mutu.

"Mukhoza kukana. Mukakana, chipatala chikuthandizanibe monga mwa masiku onse. Palibe amene akukwiyireni."

Ndinali ndisanauzidwepo mawu otero ndi munthu aliyense. Sukulu ndinasiya ndili Sitandade 5 popanda wondifunsa. Za ukwati anakambirana ndi amalume. Ndipo apa panali dokotala wa mumzinda, atagwira cholembera, akudikira yankho langa ngati kuti ndi chinthu cholemera. Ndinapempha kuti ndikaganize. Anati chabwino. Sabata yotsatira ndinabwera ndekha n'kudinda chala.

Anandipatsa kakhadi ka nambala. Anati m'zolemba zawo dzina langa silidzaoneka, ndidzakhala nambala basi. Amayi ena anadandaula kuti bwanji akubisa mayina athu. Ine ndinasangalala. Kwa munthu wamanyazi, kuthandiza popanda kutchulidwa ndi mphatso. Kakhadiko kakadali m'Baibulo langa.

Magazi ankatenga, inde. Kadontho ka pachala, nthawi zina ka kabotolo kochepa ngati chala chomwecho. Ankatiuza komwe akupita nawo ndi chomwe akufuna kuonamo. Ulendo wina anandipeza ndi malungo ndisanayambe n'komwe kumva mutu. Anati ndi mmene amachitira mwa amayi ena oyembekezera, amabisala n'kumadya magazi mwakachetechete. Ndinalandira mankhwala tsiku lomwelo. Sindinena kuti ndikanafa, sindine Mulungu. Ndikungodziwa kuti mwana anabadwa akulira mwamphamvu, ndipo azamba atafunsa dzina ndinatchula la dokotala uja, lomwe ndinaliona pa kabaji ka pachifuwa pawo. Takondwa.

Kafukufuku atatha anabweranso kamodzi kudzatiuza zomwe anapeza. Kenako basi. Mlendo ndi mame. Iwo sanadziwe n'komwe kuti kumudzi kuno kuli mwana wa dzina lawo.

Loweruka ndinapita kumsonkhano nditatsimikiza kuti sindilankhula. Ndinakhala kumbuyo. Enelesi anakhala cha patali ndi apongozi ake. Ofufuza aja anafotokoza zawo, anyamata ndi atsikana aulemu ndithu, koma anthu anali atauma nkhope. Bambo wina anaimirira.

"Inu mumatenga magazi athu n'kukatchuka nawo kunja. Ife timatsala ndi chiyani? Aja anabwera kale aja, anatitchulapo pati?"

Funso limenelo silinali lopusa, ndipo anthu anawomba m'manja. A Mateyu anatulutsa foni, n'kutsegula imodzi mwa nkhani za Anamalungo. Anapita kumapeto kwenikweni, pomwe pali timalemba ting'onoting'ono, n'kumasulira kuti olembawo akuthokoza amayi onse amene anatenga nawo mbali.

"Amayi ake ati?" anafunsa bambo uja. "Opanda mayina?"

Sindikudziwa chomwe chinandiimiritsa. Ndinangoona kuti ndaima, mwana ali kumsana, anthu onse atatembenuka. Mawu anatuluka aang'ono moti wina anati, "Kwezani mawu, mayi."

"Mmodzi mwa amayiwo ndine," ndinatero. "Dzina anabisa chifukwa anatilonjeza kuti abisa. Magazi ananditenga, ndipo ndili pano. Mwana amene ndinali naye m'mimba ndi uyo ali mumtengo wa mango uyo. Takondwa, tsika anthu akuone."

Anthu anaseka, Takondwa akutsetsereka ndi diresi yake ya kutchalitchi.

"Ine sindikuti mulowe. Dokotala uja anandiuza kuti ndikhoza kukana, ndiye inunso mukhoza kukana. Funsani mafunso onse, akuyankheni. Koma wokana kafukufuku asakane sikelo. Moto umene ndikuwotha ine ndinapala kwa Anamalungo. Ndati ndiwatchule akadali moyo."

Ndinakhala pansi. Zomwe zinanenedwa pambuyo pake sindinazimve bwino. Ena analembetsa, ena anapita kwawo, ndipo bambo uja ananena kuti ofufuzawo akamaliza adzabwere ndi zomwe apeza m'Chichewa, osati pa foni ya a Mateyu pokha. Pamenepo ine ndili naye limodzi. Nkhani zolembedwa ndi magazi a m'zala zathu, bwanji tizizimva mochita kumasuliridwa pamzere wa sikelo?

Madzulo ndikusenda chinangwa pakhonde, ndinaona Enelesi akubwera, akuyenda mokoka miyendo. Anakhala pambali panga n'kutenga mpeni wina.

"Achemwali, mawu anu amanjenjemera ngati a mbuzi yonyowa."

"Ndikudziwa."

"Za kafukufukuzo sindinaganize."

"Palibe wakukakamiza."

Anatembenuza chinangwa m'manja. "Koma kusikelo Lachiwiri mundiperekeza? Akamandibaya chala muzikandigwira dzanja linalo."

Ndinati ndimuperekeza.

Kusanade n'komwe ndinali nditaitana Takondwa kangapo. Takondwa tenga madzi, Takondwa usamumenye mwana, Takondwa nsapato ina ili kuti. Ndi mmene zimakhalira tsiku lililonse, chaka chachisanu ndi chitatu tsopano. Ndinafunsa a Mateyu ngati makina aja amawerenganso zoterezi. Anati ayi, amawerenga za olemba okhaokha.

Ndiye nambala ili pa foni ija ndi yoperewera, Anamalungo. Ngati wina angakuwerengereni nkhaniyi, muwonjezerepo nokha.

Nanga inu owerenga, moto umene mukuwotha lero munapala kwa yani, ndipo mwini wakeyo anakumvani mukumutchula?