Seveni Usayerekeze

Fungo la guluu wa nsapato likangondipeza, ndimawaona agogo aamuna atakhala pa kreti pakhomo pa fakitale yakale ya ku Marlboro imene tinkagonamo mabanja ambirimbiri, utsi wa pulayimasi ukutulukira m'mazenera osweka, iwo misomali ili kukamwa, akukhoma chidendene cha nsapato ya mwini. Pamkono ankavala kachitsulo kodindidwa 142857. Tonse tinkati ndi nambala yawo ya ku mgodi.

Masana ena kunabwera anyamata ndi zibonga, akusaka obwera kuti awathamangitse. Amayi anandikokera kuseri kwa chitseko. Ine Chizulu ndinayamwira, koma cha agogo chinali Fanakalo, chilankhulo chosakaniza cha mumgodi, kungotsegula pakamwa basi wadziwika. Anyamatawo akanatiwotchera zonse.

"Madala, kwanu n'kuti?" anafunsa mtsogoleri wawo, wa chipewa chofiira.

Agogo analavulira misomali m'dzanja, n'kukweza mkono.

"Foni uli nayo? Lemba nambala iyi, uchulukitse ndi thuu."

Kaya n'chifukwa chiyani, mnyamatayo anamvera. Panatuluka 285714.

"Waona? Manambala omwewo, angosinthana malo ngati anthu pa shifiti. Yesa ndi fili."

Panatuluka 428571. Anzake anaunjikana, zibonga zitaloza pansi. Folo, faifi, sikisi, nkhope zomwezo zikungozungulira. Dzanja la amayi linali litandifinya phewa mpaka dzanzi.

"Lekera pomwepo," anatero agogo. "Seveni usayerekeze."

Mnyamatayo anaseka, n'kudina. Kuseka kunathera panjira. Pa foni panali 999999.

"Ndinakuuza," anatero agogo motsitsa mawu. "Wawatulutsa onse. Amenewa ndi anzanga amene anatsala pansi pa mgodi, ndipo sakonda kudzutsidwa. Dzina lako ndani, mwanangu, kuti akafunsa ndiwauze?"

Dzina sanatchule. Anaponya foni m'thumba ngati yotentha, nauza anzake kuti nkhalamba za ku Malawi si zoseweretsa. Anyamatawo atakhota pakona, agogo anatola hamala, koma inawapulumuka.

Pambuyo pake anandiuza kuti kachitsuloko anadinda okha ndi msomali. Nambala yawo yeniyeni ya ku mgodi inali yaulesi, yosadziwa kuvina. Iyi anawaonetsa kalaliki wina wa pakomponi: imabadwa ukagawa wani ndi seveni, n'chifukwa chake seveni ndiye amaitseka.

"Nanga akanalekera pa sikisi?" ndinafunsa.

"Bwenzi tikugona panja. Koma unamuonapo mnyamata wa chipewa chotere akumvera nkhalamba?"

Masamu ine ndinalephera bwinobwino, aphunzitsi ndi mboni. Lero ndimagulitsa mafoni akale pafupi ndi renki ya matekisi, ndipo kasitomala akavuta ndimabisa imodzi kuseri n'kunena kuti, "Iyi musaifunse, bwana, si saizi yanu." Ndi imene amagula.

Kachitsulo kaja kali pamkono panga. Mumsewu mukangoyamba phokoso lachilendo, ndimapezeka ndakagwira, ndikuyang'ana kuti wa chipewa chofiira ndi uti.