Unyolo wa M'mimba mwa Ng'ona

Ndikudziwa kuti ena muziti mkuluyu maphunziro anamuzunguza mutu, koma ndikulumbira pali manda a mayi anga, izi zinachitikadi, ndipo mboni yake ndi manja angawa.

Inali nthawi ya chipani chimodzi ija, imene ngakhale pofuna kudandaula za kutentha kwa ku Nsanje unkayamba wacheuka kaye. Ine ndinali mnyamata wodzimva, wochita maphunziro a udokotala, osati wa jakisoni ayi, koma wofufuza zimene ng'ona zimadya. Alenje ololedwa akapha ng'ona kudambo la kwa Nyachikadza, ndinkachotsa chifu n'kupita nacho ku kalabotale kathu ka malata pa boma, kumene ndinkatsuka zam'katimo, kuziyeza pa sikelo ndi kuziika m'mabotolo a sipiriti. Mabotolowo ndinayenera kupita nawo kunja kuti ndikamalizire kafukufuku, ndipo pasipoti, imene masiku amenewo inkavuta ngati mvula ya kuchigwa, inali pafupi kutuluka.

M'mimba mwa ng'ona mumapezeka miyala, minga ya nsomba, ziboda za mbuzi, nthawi zinanso mikanda ndi zibangiri. Anthu ankabwera pakhonde kudzaona, poti amene m'bale wake anasowa pamtsinje akazindikira kachibangiri, ankakakaika m'manda pamodzi ndi thunthu la nthochi, maliro n'kutha. Panali mayi wina wa kwa Nyachikadza, wolankhula Chisena, wogulitsa nyika, timizu ta m'dambo tija, amene sankaphonya. Mwamuna wake anali mphunzitsi, ndipo anthu ankanong'ona kuti sanatengedwe ndi madzi koma ndi galimoto yopanda nambala. Nanga kwa ng'ona mayiyu ankafunako chiyani? Ndinkaona ngati chisoni chamusokoneza.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndikutsuka chifu cha ching'ona chachikulu, ndinamva chitsulo chikulira m'beseni. Abale anga, unali unyolo uja amamangira akaidi m'manja, wokhoma mbali zonse ziwiri. Mafupa ng'ona inali itagaya kalekale, koma chitsulo chinakana. Ndikanauza ndani? Komanso ndinali nditauzidwa kale kuti bambo wina wa magalasi akuda, kazitape wa boma, adzabwera kudzaona botolo lililonse ndisanaloledwe kukwera ndege. Akanaupeza, kunja kwanga kukanakhala komweko kumene kunapita mwini unyolo. Kukautaya ku Shire ndinkaopa, poti padooko sipasowa maso. Ndinaubisa pansi pa botolo lalikulu, pamwamba n'kudzaza minga ya nsomba.

Zodabwitsa zinayamba mawa lake. Ndikuyang'ana pa maikulosikopu, ndinafuna kutembenuza kagudumu kake, koma dzanja silinabwere. Manja anga onse anali kumbuyo, atapingasa, ndipo sindinadziwe kuti apita liti. Ndinalimbana nawo mpaka misozi, kenako anamasuka okha, m'mikono mutatsala mizere yofiira yozungulira. Ndinadziuza kuti ndi sipiriti wandiwotcha khungu. Sipiriti wanji wojambula bwino chonchija? Zinkachitika tsiku ndi tsiku, masanasana, pena ndikulongedza mabokosi, pena ndikuyesa jekete limene ndinagula la kozizira.

Tsiku lina mayi wa nyika uja anandipeza nditaima choncho pakhomo la labotale. Anatula dengu, nayang'ana manja anga, kenako ananena motsitsa mawu kuti mwamuna wake anatuluka m'nyumba ataima chimodzimodzi. Anati ndimupatse chimene ndapeza. Ine ndinakana kuti palibe, koma iye anati sakufunsa kuti ndi cha yani, chifukwa ngakhale chitakhala cha mwamuna wa wina, mwini wakeyo wamangidwa nthawi yaitali mokwanira. Manja atamasuka ndinavuula unyolo uja, iye n'kuukwirira pansi pa nyika zake. Anangoti takhuta, ndiye zikomo wa kwawoko, nalonjeza kuti apeza woudula asanauike m'manda, poti munthu saikidwa ali womangidwa.

Wa magalasi uja atabwera anagwedeza mabotolo onse, atatseka mphuno, nanena kuti maphunziro enawa ndi matenda. Pasipoti inatuluka, ndinapita, digiri ndinabwera nayo. Koma kunja komweko, ndili pakati pa azungu m'labotale yoyera mbee, manja ankapitabe kumbuyo. Pamenepo ndinadziwa kuti unyolo sunadulidwe. Ndi mmisiri uti masiku amenewo akanayerekeza kuukhudza?

Zinthu zitasintha m'dziko muno ndinabwerera kwa Nyachikadza kukamufuna mayi uja, nditanyamula sowo yodulira zitsulo. Ndinapeza madzi osefukira anasamutsa mudzi, manda anakwiririka ndi mchenga, ndipo panalibe wodziwa kumene iye analowera.

Lero ndine nkhalamba, ndipo adzukulu amandiseka kuti ndimayenda ngati hedimasitala. Ndimaseka nawo, nanga nditani? Chimene ndimakhulupirira n'chakuti munthu uja akadali womangidwa pansi pa mchenga, ndipo amabwereka manja anga kuti wina aone. Tsono inu amene mumati kale kunali bata, musamanene zimenezo pamaso pa aliyense amene simukumudziwa bwino. Ena batalo tikuyenda nalo kumbuyoku, ndipo kiyi wake sanapezeke.