Chaka Chimene Anakana Kundimeta

Pa maliro a mwamuna wanga sindinalire. Ndayamba ndanena ndekha, chifukwa mukapita kwa Nthache kukafunsa akuuzani zomwezi, koma atathiramo tsabola.

Si kuti sindinayese. Bambo a ana anga anangodwala mutu masiku ochepa, n'kutisiya kuchipatala paboma, mvula ili pakati. Kwathu anali mkamwini, ndiye thupi tinapita nalo kwawo, cha ku Thambani. Chinali chaka cha chisankho, choncho galimoto ndi bokosi sizinavute. Bambo wina amene ankafuna uphungu anatumiza pikapu ndi bokosi, ndipo kumanda anatchula malemu kuti mnzake wapamtima, n'kuphonya dzina. Anthu anangoti zii, poti bokosi linali lake.

Ine anandikhazika m'nyumba ya siwa, kumutu kwa bokosi, pafupi ndi apongozi anga, mayi ake a malemu. Ndinafinya maso. Ndinakumbukira mayi anga omwalira, ndinakumbukira khanda langa loyamba limene ndinaika. Ayi ndithu, m'maso muli gwa, ngati munda wa mu Okutobala.

Aluso pa kulira analipo. Pawindo ndinkawaona akubwera m'njira akukambirana za makuponi a feteleza, wina mpaka kumaseka. Akangofika pamtengo wa mango wa pakhomo, chitenje kumutu, manja kunkhongo: "Mayo ine! Achimwene mwatisiyira yani!" Kulowa m'nyumba, kudzigwetsa, kugubuduka, kwinaku akundisuzumira ndi diso limodzi kuti aone ngati ndayamba. Akatha amamina pachitenje, n'kunong'oneza mnzawo: "Ndiwo aphika chani?"

Titaika, m'mawa mwake linali tsiku lometa. Mwambo wa kwawo, abale onse amametedwa, ndipo wamasiye akametedwa ndi pamene amamusudzula kuti ayambenso kukhala ngati munthu. Asanakumete sungapite kumsika, sungathire mchere m'ndiwo, sungavale zowala. Lezala linayenda pamitu yonse. Litafika pa ine, apongozi anatambasula dzanja.

"Awa ayi. Mutu wawo uyambe wadikira."

"Ndalakwanji, apongozi?"

"Mwana wanga sanali nkhuku. Munthu wogona naye mphasa imodzi zaka zonsezi, osagwetsa ngakhale dontho? Mtima wanu ukudziwa chimene ukudziwa."

Mawu amenewo anakafika kwathu ine ndisanafike. Kumjigo ena ankati ndinamudyetsa mankhwala, ena ankati ndili ndi dalaivala wa thiraki kuboda. Ine, ndi zidendene zong'aluka izi! Za mchere ndikanapirira, mwana wanga wamkazi ankandithirira. Koma tsiku lina mwana yemweyo anabwera kusukulu akulira, ati anzake amuuza kuti mayi ako anapha bambo ako. Pamenepo zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Mpulumutsi anabwera panjinga. Anali alamu anga, mng'ono wake wa malemu. Iwowa anali atangopita ku wekishopu paboma, ya kasamalidwe ka odwala ndi ofedwa, n'kubwerako ndi tisheti, kachikwama, ndi kapendekedwe katsopano ka mutu polankhula ndi munthu.

"Alamu, musadandaule," anatero. "Ife tinaphunzira. Chisoni chili ndi masiteji faifi. Inu muli pa siteji wani, kukana. Mtima wanu sukuvomereza kuti achimwene anapita."

"Alamu, maso ndinawatseka ndine. Ndikane chani?"

"Mwaona? Kukana kwake n'komweko."

Ankabwera Lamulungu lililonse kudzaona pamene ndafika, ndipo nthawi yake inkangogwirizana ndi ya chakudya. Akachoka ankakapereka lipoti kwa apongozi kuti wodwala akupezako bwino pang'onopang'ono. Tsiku lina atapempha kuti tiphe tambala wa malemu, ndinawakalipira mpaka agalu a kwa aneba anauwa. Munthu uja anawomba m'manja, nkhope ili ngwee.

"Ehee! Mkwiyo! Siteji thuu! Alamu, mukuyenda bwino kwambiri!"

Tambalayo anamudya ndithu, ati kukondwerera.

Siteji yachitatu inali kunenerera. Ati ndiyenera kuyamba kuchonderera Mulungu kuti akandibwezera mwamuna ndidzasiya chakuti. Ndinawafunsa ngati imfa ndi wogulitsa kaunjika kuti ndikanenerere. Anapendeka mutu, n'kunena kuti ndabwereranso pa thuu, koma zimachitika. Yachinayi inali kukhumudwa, yachisanu kuvomereza. Ndinaona kuti ngati ndikadikire kukwera makwerero onsewo, nkhuku zitha m'khola tsitsi langa lisanametedwe. Nthawi imeneyo tsitsi linali litapotana pansi pa duku, likuyabwa ngati muli chitedze.

Kuseri kwa nyumba kuli mitengo ya manachesi imene anadzala bambo a ana anga. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda kukonzeratu zinthu zimene sizinawonongeke. Atatsala pang'ono kudwala ndinawapeza akuimika mphanda pansi pa nthambi ina, zipatso zili ting'onoting'ono ngati nandolo. Nthambi inali m'mwamba, mphanda pansi, pakati pake mpata wolowa dzanja lonse.

"Kodi mukuchirikiza mphepo?" ndinawaseka.

"Mudzaona mu Juni, mayi," anangotero, n'kupondaponda dothi.

Mu Juni, kuzizira kutayamba, ndinatenga dengu kuti ndikathyole manachesi mwana akagulitse kumsewu, poti ine kumsika sindinkaloledwa. Ana anali kusukulu. Kuseriko ndinali ndisanapiteko chifereni bambo awo. Nditafika ndinapeza nthambi ija yalemedwa, zipatso zili psuu, yatsika n'kugona m'mphanda muja ndendende, osapitirira, osaperewera.

Dengu linagwa. Sindikudziwa kuti mawu aja anachokera kuti. Sanali a "mayo ine" okonzedwa bwino aja, anali ngati a ng'ombe yolandidwa mwana. Ndinagwira mphanda ija n'kukhala pansi, ndipo ndinamulalatira mwamunayo kuti anadziwa bwanji za nthambi osadziwa za mutu wake, ndinamuchonderera, ndinamutukwana, ndinamuuza kuti ndamusowa. Masiteji onse a alamu anabwera pamodzi ngati anthu olimbirana minibasi. Mboni inalipo imodzi, mbuzi ya aneba, ndipo inapitiriza kudya makoko.

Tsiku limenelo sindinakoleze moto. Dzuwa litapendeka, apongozi anatulukira ndi dengu lawo. Mitengo anadzala mwana wawo, ndipo chisoni sichiletsa munthu kukolola. Anandipeza pakhonde, maso atatupa ngati ndalumidwa ndi njuchi.

"Maso atani?"

Mpata unali umenewo. Ndikanangoti ndalira, nkhani ikanathera pomwepo. Koma mtima wanga unakana. Misozi ija sinali msonkho woti ndikaonetse kwa munthu kuti ndapereka. Inali ya ine ndi mwamuna wanga.

"Utsi," ndinatero.

Apongozi anayang'ana kukhitchini. Pamafuwa panali nkhuku itagona m'phulusa. Anazungulira kuseri. Anakhalitsa kumeneko, mpaka ndinaganiza kuti akuthyola ndi masamba omwe. Pobwera, dengu linali lopanda kanthu.

"Mphanda ija anaimika ndi iyeyo?"

"Eya."

"Bambo ake ankachita chimodzimodzi." Anakonza chitenje, akuyang'ana kumbali. "Loweruka tibwera ndi lezala."

Loweruka anthu anadzaza pakhomo, aluso aja ali kutsogolo, kudzaona ngati mfiti ilire. Apongozi anandimeta okha, ndipo dzanja lawo linali lofewa kuposa pakamwa pawo. Sindinalirenso, ngakhale dontho. Wina anayamba kung'ung'udza, apongozi n'kumuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kumeza mawu ake. Kuchokera tsiku limenelo mwana wanga sanabwerenso kusukulu akulira. Alamu anaimirira n'kulengeza kuti ndafika pa siteji faifi, ndipo anathokoza maphunziro amene analandira paboma. Anafunsanso ngati nkhuku yatsalako.

Anthu atabalalika ndinaphika ndekha, mutu uli mbee, mphepo ikundizizira m'khosi. Ndinathira mchere ndi dzanja langa. Pogawa ndinatulutsa mbale monga ndinkachitira kale, ana n'kutenga zawo, ine yanga. Imodzi inatsala pamphasa, ndipo palibe amene anaichotsa mpaka tinamaliza kudya.